Kansalu ka m'Kolala

Fungo la simbi yamakala ikamadutsa pa nsalu yonyowa limandibwezera pakhonde la aChisale, atelala oyandikana nafe ku Kabudula, pomwe makina osokera ankalira kuyambira m'mawa, nkhuku zikutolatola ulusi pansi pa tebulo. Sankaseka wamba. Anagwirako ntchito ku Halale ali mnyamata, ndiye aliyense wofuna kutuluka m'dziko ankayamba wadzera kwa iwo.

Malangizo ankapereka maso ali pa singano. "Pasipoti isagone m'chikwama, igone pathupi. Mankhwala anu nyamulani a konkuno. Moni wa eni dziko muuphunzire musanatsike basi." Akatero ankaitanitsa malaya a paulendowo, n'kusokerera kansalu koyera m'kati mwa kolala, kolembedwa ndi ulusi wofiira: dzina, mfunda, mudzi, mfumu ndi dziko.

Chaka china fodya wathu atayenda bwino, bambo anga anati apite ku Zimbabwe akaone mathithi aakulu aja, akachezenso kwa asuweni awo. Koma za kansalu anakanitsitsa.

"Kodi ndine belo la fodya kuti mundilembe dzina, aChisale? Pakamwa ndili napo ine."

"Achimwene anga analinso napo," anatero aChisale, osadzutsa mutu. "Tinasiyana pasiteshoni ku Halale. Mpaka lero sindidziwa dothi lomwe linawakwirira."

Bambo anangoseka mwamanyazi n'kuchokapo. Amayi sankatsutsana ndi bambo pagulu, koma m'mawa mwake, bambo ali kudimba, anazembetsa malaya atatu kupita nawo pakhonde paja.

Bambo ponyamuka anati akatha milungu iwiri. Mwezi unatha, zii. Mwezi wachiwiri asuweni aja analemba kuti sanawaone n'komwe. Ine ndinali sitandade faifi, ndipo sindibisa, ndinadana nawo aChisale, ndinkati ndiwo anatemberera bambo ndi mawu awo aja. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala m'mbali mwa msewu wochokera ku Nsaru, kusuzumira matola iliyonse.

Kalata inafikira kwa amfumu. Anailemba ndi nesi wa chipatala china cha kumeneko. Bambo anagwa padepoti ya basi, mbali imodzi ya thupi n'kufa, lilime n'kuuma, ndipo chikwama chomwe munali pasipoti chinapita ndi anthu. Masabata onsewo anagona m'chipatalamo opanda dzina, mpaka mayi wina wochapa zovala anatembenuza kolala.

Amalume anapita kukawatenga. Atafika, anthu ali thithithi pabwalo, bambo anakana kulowa m'nyumba, n'kumaloza kwa aChisale. Tinawagwiririra mpaka pakhonde paja. Kuyankhula sankatha, ndipo sanadzayankhulenso mpaka imfa yawo. Anangotembenuza kolala ndi dzanja lamoyo lija, misozi ili chuchuchu.

AChisale anaimitsa makina.

"Mwabwera, eti?"

Atatero anatembenukira kukhoma. Ndi tsiku lokhalo lomwe ndinawaona akulira, ndipo ngakhale ndinali mwana ndinadziwa kuti sankalirira bambo okha.

Lero ndayendako maiko angapo, foni ili m'thumba, mapepala onse ali m'malo. Ana anga amandiseka akaona ndatulutsa singano ulendo usanayambe. Aseke. Bambo anga agona kumanda a kwathu, ndipo chaka chilichonse timakalambula. Achimwene a aChisale palibe amene anawalambulirapo. Ulusi wofiira ndimakagula ndekha.