Mchere Azithira Mwanayu

Khadi la kusikelo la mlongo wanga ndikadali nalo. Ndi lothothoka m'makona, ndipo pakati pake pali dontho la mafuta ophikira. Chaka chimene amayi ankakonzekera mayeso a Folomu 4, khadi limeneli linkakhala m'buku lawo la masamu, kusonyeza pamene alekezera. Akatsegula bukulo ankayamba ayang'ana mzere wa pakhadipo, wosonyeza kulemera kwa mwana. Titangotha kukumba mbatatesi, mzerewo unaleka kukwera.

Tinkakhala ku Biriwiri, kwawo kwa abambo. Iwo anali ku Joni, chaka chachiwiri osabwera. Amayi analembedwa uphunzitsi nthawi imene sukulu inakhala yaulere, koma anauzidwa kuti popanda satifiketi ntchitoyo sikhalitsa. Choncho akaweruka ankatsalira m'kalasi ndi aphunzitsi aakulu, amene ankawathandiza masamu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mwanayo chaka ndi theka.

Anayamba ndi kutsegula m'mimba. Kenako tsitsi linafiira, mapazi anatupa. Ukadina ndi chala, pankatsala kadzenje. Sankalira kwenikweni, ankangobuula. Loweruka amayi ankakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, dzanja lina pabuku, lina pamphumi pake. Dzuwa linkachoka pakhonde mpaka kufika pamtengo wa pichesi tsamba lisanatembenuzidwe.

Tsiku lina kunabwera azakhali, alongo awo a abambo. Anayang'ana mapazi a mwanayo kwa nthawi yaitali.

"Alamu, kusukuluku mukumachedwako masiku ano."

"Ndi masamu, alamu."

Azakhali anatenga kachitini ka mchere n'kundipatsa ine. "Kuyambira lero, mchere m'ndiwo azithira mwanayu."

Tanthauzo lake ndinalidziwa nditakula. Kwathu mwana akatupa bambo ake ali kutali, ena amati ndi tsempho: mayi wayenda ndi mwamuna wina, ndipo mchere wochoka m'dzanja lake ndi umene ukudwalitsa mwana. Azakhali sindiwatenga ngati munthu woipa. Nawonso ankaopa maliro. Koma mlandu wosatchulidwa sungaukane.

Amayi anangoleka kutsalira kusukulu. Aphunzitsi aakulu anandituma kawiri kuti ndikawauze kuti mayeso ayandikira, ndipo kawiri konseko anandiyankha kuti, "Ukawathokoze." Lachitatu lililonse ankabereka mwana kupita kuchipatala ku Boma. Anamwino anati thupi likusowa chakudya, azimupatsa phala la nsinjiro ndi dzira. Ndimakumbukira fungo la mtedza wokazinga m'mawa, ndi amayi akusinja, buku lili pambali pa mtondo, litadzala mankhusu.

Mayeso analemba mwezi wotentha. Ankalawira mwana akugona, n'kubwera madzulo fumbi lili mbuu m'miyendo. Asanavule nsapato ankayamba adina phazi lija. Mvula itagwa, kadzenje kanaleka kutsala, mzere wa pakhadi unayambanso kukwera. Masamu analephera. Analembanso chaka chinacho, akuwerenga okha. Azakhali anauza anthu kuti chinachiza mwana ndi mchere uja.

Ndinathira mchere mpaka abambo atabwera pa Khirisimasi. Ndiwo zikawira ndinkathamanga kuchoka kosewera, n'kusamba m'manja popanda wondiuza.

"Amayi, ndithire?"

"Thirani, bambo," ankatero, akuyang'ana kumbali.

Ndinkanyada kwambiri. Ndinkauza anzanga kuti pakhomo pathu dzanja lodziwa mchere ndi langa, kuposa ngakhale la amayi.