Mmisiri Wolowa M'nkhokwe Yake

Inu amene mwatopa ndi kulephera, inu amene anthu anakupatsani dzina lachipongwe mpaka lenileni linaiwalika, senderani kuno ndikuuzeni za Hosea wa ku Chifunda. Ine nkhani imeneyi ndikaiyamba sindifuna kuisiya!

Tsiku lina m'mwezi wa Seputembala, kutangocha, mudzi wonse unasonkhana pabwalo la amayi Vainess. Nkhokwe yawo ya njerwa inali itang'ambika pakati ngati dzungu logwa pangolo. Njovu inali itadya chimanga cha chaka chonse n'kusiya mapazi ndi ndowe basi. Amayi Vainess anali atagwada pafumbi, akutola njere imodziimodzi n'kumaika m'chitenje.

Nkhokweyo anamanga ndi Hosea, mwana wa malemu mkulu wawo. Anamulera ndi iwowo kuyambira ali wamng'ono, ndipo ankawatchula Amama. Mayeso a giredi naini atamukana, anaphunzira kuyala njerwa pongoonerera ena. Luso linalipo ndithu, koma kumaliza ntchito, mayo ine! Chitseko chikapendekeka, iye amvekere, "Ili che," kutanthauza kuti zili bwino choncho. Khoma likapindika, "Ili che." Mapeto ake ngakhale ana ankamuitana Ili Che.

Kuchigwa cha Luangwa nkhokwe ya nsungwi njovu imangoiphwanya ngati dengu. N'chifukwa chake amayi Vainess anagulitsa mbuzi zawo zonse kuti agule simenti. Nkhokwe ya njerwa ikamatidwa bwino, chivundikiro chake n'kukhala bwinobwino, fungo la chimanga silituluka, ndipo njovu imadutsa osadziwa kanthu. Hosea anamata kunja mosalala chifukwa ndi komwe anthu amaona. Mkati anangopaka mwachisawawa. Chivundikiro chinasiya mpata woti zala n'kulowa, koma tsikulo kugolosale kunali mpira pa TV. Anati "Ili che," n'kusamba m'manja. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere!

Njovu inanunkhiza chimanga, inapisa mnyanga pampata uja, basi ntchito yatha.

Irene, mwana wamkazi wa amayi Vainess, anabwera kuchokera ku Lundazi ali lawilawi.

"Amama, zakwana! Chaka chamawa zikachitikanso ndibwera ndi galimoto, mukakhale kwathu. Simungafe ndi njala chifukwa cha munthu waulesi."

Koma munda wa amayi Vainess unali pomwepo, manda a amuna awo analinso pomwepo, ndipo kuchoka ku Chifunda ankakuopa kuposa njala. Irene atalowa m'nyumba, iwo anatembenukira kwa Hosea. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Hosea, Lamulungu umaimba kwaya mokweza kuposa onse. Mulungu amene umamuimbirayo, m'kati mwa nkhokwe muja analimo. Unamupatsa chiyani?"

Hosea analira. Mwamuna wandevu, kulira pamaso pa ana omwe ankamuseka aja! Chaka chimenecho anaona ndi maso ake amake achikulire akuchita ganyu m'minda ya mpunga ya anthu ena, madzulo n'kudya mango osapsa owiritsa. Zinamupweteka kwambiri, ndipo nthawi ino sanathawire kumpira.

Ananyamuka wapansi kupita ku Tembwe kwa a Morris, mmisiri wachikulire wodziwika ndi kugwetsa khoma lake lomwe likapanda kuwongoka. A Morris anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mbiri yako ndinaimva. Mawu ako aja ukangowanena pano, unyamuke."

Hosea amene ankadzitcha mmisiri uja anayambiranso pansi penipeni. Kutunga madzi, kusefa mchenga, kukanda daka ya simenti, kutsuka mafosholo. M'mawa uliwonse asanagwire fosholo ankati, "Ambuye, ntchito ya lero ndi yanu." Musaganize kuti anasintha tsiku limodzi, iyayi! Lilime linkamuyabwa kuti anene mawu aja. Kangapo konse a Morris anakanda pulasitala wake yense n'kumuuza kuti ayambenso. Ankachita manyazi, ankapsa mtima, koma m'mawa ankapezeka pantchito anzake asanafike.

Manje tamverani pamene zinatembenukira!

Patapita miyezi, a Morris anamupatsa nkhokwe yoti amate yekha. Anaimata kunja ndi mkati momwe, mpaka iye mwini anaikhutira. Ali mkati akuchotsa zinyalala, anzake apantchito anafuna kumuseka. Anakankha chivundikiro, phaa, kumutsekera momwemo dzuwa lili paliwombo. Anadikira kuti amve kukuwa.

Koma Hosea mumdima muja anaona chinthu chimene sanachionepo. Kuwala kunkalowa! Apa kakang'ono ngati singano, apo kamzere m'mbali mwa chivundikiro, pansi pakabowo kotulutsira chimanga kenanso. Nkhokwe imene kunja inkaoneka yopanda banga inali ndi ming'alu yosaoneka. Pamene palowa kuwala, fungo la chimanga limatulukira pomwepo!

"Musatsegule!" anakuwa. "Dikirani ndiike zizindikiro! Kenako mundipatse daka!"

Anzake aja anayang'anana kukamwa kuli yasa. A Morris anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Mpatseni dakayo. Munthu wabadwa lero."

Kuyambira tsiku limenelo Hosea sankapereka nkhokwe kwa mwini wake asanalowemo masana n'kutsekeredwa kwa kanthawi. Akaona kuwala ngakhale kochepa bwanji, ankatuluka, kukonza, kudikira kuti paume, n'kulowanso.

Mvula itatha, misewu itayamba kupitika, anabwerera ku Chifunda pa lole ndi matumba a simenti ogula ndi thukuta lake. Chimanga cha amayi Vainess chinali chikuuma m'munda.

"Amama, ndabwera kudzamanga nkhokwe."

"Mwanawe, mbuzi zogulitsa ndilibenso."

"Simenti ndi iyi. Ndikupempha malo chabe."

Irene atamva, foni inachita kutentha. "Yemwe uja? Amama, mwaiwala mango owiritsa?" Chimene amayi Vainess ankaika m'manja mwa Hosea sichinali chimanga chokha, unali mudzi wawo. Kenako anatenga khasu n'kumulozera malo pafupi ndi mtengo wa papaya.

Hosea anamanga, abale, anamanga! Njerwa iliyonse yokhota ankaitaya pambali. Mchenga anasefa kawirikawiri mpaka azimayi odutsa ankafunsa ngati akufuna kuphika phala. Atamaliza anapempha amuna awiri kuti amutsekere mkati. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Bwerani muone! Ili Che akudziika m'manda yekha!"

Anatuluka, anakonza mbali ina. Mawa lake analowanso, anatulukanso, anakonzanso. Oseka aja anatopa n'kumapita. Tsiku lomaliza, chivundikiro chitatsekedwa, munali mdima wa bii, wosaona ngakhale dzanja lake. Hosea anagwada pasimenti yozizira n'kunena kuti, "Ambuye, funso lija munandifunsa kudzera mwa Amama, yankho langa ndi ili." Anagogoda, anamutsegulira, ndipo chimanga chinalowa.

Kenako kudikira. Juni anadutsa, Julaye anadutsa, thengo linauma, njovu zinayamba kuyandikira midzi. Amayi Vainess m'mawa uliwonse ankayamba kusuzumira pawindo asanatsegule chitseko.

M'mawa wina wa Okutobala anasuzumira monga mwa masiku onse. Mtengo wa papaya unali pansi. Pabwalo ponse panali mapazi aakulu ngati lichero, ndowe zili mbwee.

Koma nkhokwe inali chilili!

Mukudziwa chimene njovu inachita? Inafika, inadya mapapaya, kenako inatsamira nkhokwe ija n'kumadzikanda msana ngati yapeza chulu! Matope a pathupi pake anatsala pakhoma. Chimanga cha chaka chonse chinali kuseri kwa khomalo, iyo osadziwa ngakhale pang'ono.

Amayi Vainess anatsegula kabowo kapansi. Chimanga chinakhuthukira m'lichero, waa, choyera, chouma bwino. Nthungululu imene analiza inadzutsa mudzi wonse! Anavina pafumbi lomwe lija anagwadapo chaka chatha. Anaimbira Irene ali wefuwefu.

"Galimoto ija usabwere nayo, mwana wanga! Koma ngati ukufuna chimanga, bwera ndi thumba!"

Atadula foni anagwira Hosea paphewa, misozi ili mbwembwembwe, akuseka.

"Manje, mwana wanga, manje ili che."

Hosea anali akusisita khoma pamene njovu inatsamira. Chala chake chinaima pakamzere kakang'ono.

"Iyayi, Amama. Apa yakanda. Dikirani ndikakande daka."

Lero Hosea amaitanidwa ku Chikwa, ku Tembwe, mpaka kuboma ku Chama. Ali ndi anthu ake apantchito, ndipo aliyense wa iwo amadziwa kuti nkhokwe imene wamata adzalowamo yekha. Amayi Vainess akadali ku Chifunda, akulima munda wawo, ndipo mbuzi zinabwereranso m'khola.

Manje ndikufunseni inu. Ntchito imene munagwira dzulo, mungalowemo n'kutsekeredwa? Inu aphunzitsi, makope aja munachongadi kapena munangodutsitsa cholembera? Inu osoka, nanga msoko wamkati? Inu otsuka mbale, kunsi kwa poto? Chikhristu si cha Lamulungu chokha ayi. Mulungu amakhalanso kumene bwana safika ndi kumene kasitomala sasuzumira, ndipo kumbali imeneyo kuli chakudya cha munthu wina amene wakudalirani.

Ngati munagwetsapo nkhokwe ya munthu, musadzitaye. Hosea anaigwetsa pamaso pa mudzi wonse, koma anadzuka. Inunso dzukani! Bwererani pantchito ija munaisiya n'kunena kuti zili bwino choncho, lowani mkati, funani pamene pakulowa kuwala, mumate. Mukalephera lero, mawa mulowenso. Mtima usafooke, m'bale wanga, kandani daka!