Malo Anatsala Amodzi

Kwa zaka zambiri ntchito yanga yakhala kufufuza chifukwa chimene ana a anthu osauka amatsalira m'mbuyo kusukulu. Ndinayambira m'masukulu a ku Dowa, kucheza ndi ana ophunzirira pansi, mpaka bungwe lina lothandiza maphunziro linanditengera ku Dubai kuti ndizilangiza olemera kaperekedwe kosapweteka mtima. Ntchito yabwino ndithu. Umphawi umakambika bwino m'chipinda chozizira, tiyi ali pambali.

Ku Dubaiko tinkakhala m'dera lotchedwa Discovery Gardens. Khomo loyang'anana ndi lathu munkakhala namwino wa ku Zambia, amene mwana wake wamkazi anali msinkhu umodzi ndi wanga. Anawo atafika poyamba sukulu, tonse tinafuna sukulu imodzi, koma malo anatsala amodzi. Posankha, aphunzitsi ankacheza ndi mwana aliyense payekha.

Loweruka lina namwinoyo anagogoda, akadali mu yunifomu.

"Amayi, imwe ndimwe a maphunziro. Amafunsa chani kuja? Nimukonzekeretse bwanji mwana?"

Yankho ndinkalidziwa, pakuti ndinalembapo nkhani yaitali. Macheza otere sayesa nzeru, amayesa nyumba imene mwana wachokera. Amafuna mwana woyang'ana wamkulu m'maso, wofunsa, wotsutsa: zonse zimene kwathu timakalipira.

"Musadandaule, anzanga," ndinatero. "Angokhala waulemu. Inshallah zitheka."

Atangotuluka, ndinakhazika wanga pampando. Masabata awiri ndinamuphunzitsa mwano wapamwamba.

Tsiku loyesa, mwana wa namwino analowa atagwira manja kumbuyo, maso pansi, n'kumayankha chapansipansi monga analeredwera. Wanga anauza mphunzitsi wamkulu kuti chithunzi chapakhoma chapendekeka. Sukulu inatenga wanga.

Namwino anabwera ndi keke kudzatiyamikira.

"Mwana wa profesa, tikanayembekezera chani? Ni magazi," anatero.

Ndinavomera kuti ndi magazi, kekeyo tinadya. Wake anamupezera sukulu ku Karama, dera lakutali ndi kwathu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamuona pazenera akudikira basi ife tisanasambe n'komwe.

Patapita miyezi ndinalankhula pamsonkhano wa opereka thandizo, za mmene makolo ophunzira amatsekerezera ana a anzawo. Ndinapereka chitsanzo cha mayi wina amene ndinati ndinakumana naye pakafukufuku. Anthu anapukusa mitu pomva kuuma mtima kwake, ndipo abwana a bungwe anandipempha kuti ndilembe zonsezo mwatsatanetsatane. Ndinalemba. Pa zonse zimene ndinalembapo, nkhani imeneyo ndi imene anthu amaiyamikira kuti ndinamumvetsa bwino munthuyo.