Mawu amene mana Amelia anandisiyira

Mmawa wa tsikulo tinaphunzitsana dzina la chitseko. Ine ndinachigogoda ndi chala n'kunena kuti door. Mana Amelia anachigogodanso, anati porta. Tinaseka, aliyense n'kukhala pa makina ake.

Ndinali mtsikana wongofika kumene ku Joni kuchokera ku Ntcheu. Mana Amelia anali telala wa kummwera kwa Mozambiki, kumene Chichewa sachimva, ndipo achemwali amati mana. Anandilemba ntchito yopinda masiketi m'kachipinda kawo ka malata. Iwo ankafuna Chingelezi cholankhulira ndi makasitomala, ine ndinkafuna kumamva akamandikalipira. Choncho mmawa uliwonse tisanayambe kusoka ankanyamula chinthu chimodzi, ine n'kuchitchula m'Chingelezi, iwo m'Chipwitikizi. Needle inali agulha. Thread inali linha. Bread anali pão, water anali água. Tomorrow anandifunsa sabata yoyamba yomwe, poti telala aliyense amadyera kuuza anthu kuti abwere mawa. Kwawo amati amanhã.

Tsikulo dzuwa litakwera, mana Amelia anamanga chitenje n'kupita kukagula zipi. Foni anaisiya pa makina. Mwana wawo Zinha, wa zaka zinayi, anali pansi pa tebulo akusewera ndi zidutswa za nsalu.

Poyamba ndinamva malikhweru, kenako miyala pa malata. Tinali titamva kuti m'makomboni ena akuthamangitsa alendo, koma tinkati ndi zakutali. Ndinasuzumira pa mpata wa chitseko. Mumsewu munali amuna a zikwanje ndi zibonga, akuimba. Golosale ya Msomali wa pakona inali kuyaka. Mayi wina amene tinamusokera diresi la ukwati anadutsa atasenza thumba la mpunga, osacheukira kwathu.

Ndinachoka pachitsekopo. Ndinabereka Zinha ndi nsalu ya kasitomala, mapini akadali momwemo. Ndinakankha lata lomwe linkagwedera kuseri, tinatulukira m'ngalande. Mapiniwo ankandibaya pachifuwa njira yonse, koma ndinawamva titafika kale kutchalitchi kumene alendo ankathawira.

Kumeneko tinakhala masiku angapo, panja, m'nyengo yozizira. Mana Amelia sanabwere. Kukabwera mabasi otenga anthu a ku Mozambiki, ndinkakweza Zinha paphewa n'kuyenda naye zenera ndi zenera. Palibe anamuzindikira. Ndinkadziwa kuti sizasi ndi tesoura, koma dzina la mudzi wawo ndinali ndisanafunsepo.

Mwanayo Chingelezi sankachidziwa, Chichewa ndiye ayi. Ankandikoka siketi n'kufunsa kuti, "Mamã?" Ndinalibe mawu omuuza kuti sindikudziwa, kapena kuti asaope. Ndinali ndi singano, ulusi, buledi, madzi ndi chitseko basi. Ndinamuyankha kuti amanhã. Anavomera ndi mutu ngati kasitomala wozolowera, n'kubwerera m'bulangeti.

Kunamveka mphekesera yoti amuna aja abwera kutchalitchi komweko. Achimwene anga a Laston, omwe ndi mlonda ku Extension 2 kuno ku Gaborone, anandiimbira kuti ndikwere lole ya bambo Nkhoma, dalaivala wakwathu. Mwanayo ndikanamusiya ndi ndani? Ndinasiyira abusa nambala yanga, tinanyamuka.

Bambo Nkhoma anatigoneka pa kabedi ka kumbuyo kwa mipando, n'kukoka katani. "Iwe mwana wanga, ameneyu asatsegule pakamwa. Akamva chilankhulo chakecho, tonse tathera pompo," anatero.

Potuluka m'komboni msewu unali wotsekedwa ndi matayala oyaka. Amuna a zikwanje ankaimitsa magalimoto n'kumalankhulitsa anthu kuti amve ngati ndi alendo. Lole inaima. Utsi unalowa, Zinha anayamba kutsokomola, kenako anati, "Água." Ananena mokweza, monga mwana amanenera kwawo.

Madzi tinalibe. Ndinali ndi theka la buledi m'thumba. Ndinanyema, ndinamuika m'kamwa, ndinamunong'oneza kuti pão. Anatafuna, ndinamuikanso. Nyenyeswa zinkagwera m'khosi mwake. Munthu anakwera pa sitepe ya lole, fungo la mowa ndi palafini linadzaza mkatimo. Pansi pa katani ndinkaona nsonga ya chikwanje chake ikugunda pa mpando. Bambo Nkhoma anamuseketsa m'Chizulu, anamupatsa ndudu. Zinha ankandiyang'ana, masaya atafufuma, misozi ikutsika. Buledi anatha lole itayamba kale kuyenda.

Ndinachita mantha tsiku limenelo kuposa tsiku lililonse la moyo wanga. Mpaka lero buledi wouma sindimeza bwino.

Pamalire Zinha anali m'tulo kuseri kwa katani, poti analibe pepala lililonse. Mayi wodinda pasipoti yanga anandipatsa moni wa Chitswana, anati dumela, ine ndinangolandira pasipotiyo n'kutuluka. Madzulo dzuwa lisanalowe tinafika ku Broadhurst, dera la mu Gaborone, kuchipinda chakumbuyo chimene achimwene amachita lendi. Anatiyang'ana tonse awiri, kenako anangotunga madzi m'kapu n'kupatsa mwanayo.

Tsopano ndimasoka pakhonde la chipinda chomwecho. Abusa aja ndimawaimbira, yankho ndi limodzimodzi, loti mana Amelia sanaonekebe. Kachipinda ka malata kanapsa, pamodzi ndi makina ndi foni. Zinha amanditchula kuti anti, ndipo ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'Chitswana, mkamwa mopepuka ngati wobadwira konkuno. Mmawa uliwonse ndimanyamula chinthu chimodzi n'kuchitchula m'Chipwitikizi, iye m'Chingelezi. Mawu anga ndi ochepa, akatha timayambiranso pa singano.

Kufunsa za mayi ake Zinha anasiya, ndipo ndinkaganiza kuti waiwala. Tsiku lina mayi wina wa ku Block 3 anabwera kudzatenga diresi lomwe ndinali ndisanaliyambe n'komwe. Ndinamuuza m'Chingelezi kuti abwere mawa, monga atelala timachitira. Zinha anali pansi pa tebulo ndi zidutswa zake. Anati, "Amanhã," motsitsa, n'kuyang'ana kugeti.

Ndinamupatsa mayiyo mpando. Diresilo ndinalisoka iye ali pompo.