Dimba Losenza Pamutu

"M'tauni muno palibe dimba lingathawe chikwanje changa," anatero Kapitawo wa otchetcha m'mbali mwa misewu, akunola chikwanjecho pamwala wa ngalande. "Dimba lilibe miyendo."

Make Mapasa anamva mawuwo ali pampopi. Amuna awo anamwalira n'kuwasiyira ana awiri, kachipinda ka lendi ndi jekete lopanda mabatani. Mayiwo anadzala mpiru kuseri kwa mpanda wa fakitale, Kapitawo n'kumeta dimbalo mpala. Anadzalanso, anametanso. Sabata imeneyo mapasa ankagonera madzi otentha.

Ambirife tikanatula khasu. Iwo anapita kotaya zinyalala kukatola mabeseni obooka. Anathiramo dothi ndi zitosi za nkhuku, n'kuwandanditsa kuseri kwa mpanda komweko, kumathirira ndi madzi otsukira mbale. Koma mantha sanawachoke. Chitsulo chikangolira pena pake, ngakhale supuni, ankathamangira kukaona mabeseniwo.

"Anzathu mwayamba kulima m'bafa?" aneba ankawaseka.

Mpiru utakula, anagulitsako, wina n'kugawira osekawo. Kuseka kunatha. Munthu saseka akutafuna.

Tsiku lina m'mawa mayi wogulitsa makala anafika ali wefuwefu. "Akubwera ndi zikwanje. Adutsa kale pamlatho."

Make Mapasa anatola nkhata yawo. Mutu ndi umodzi, mabeseni ndi mzere wonse, chakudya cha ana chili momwemo. Potembenuka anaona amayi a pamdadada onse akupinda nsalu zawo kupanga nkhata. Aliyense anasenza beseni limodzi.

Njira yotulukira inali imodzi, yopapatiza, ndipo Kapitawo anali atalowa kale. Make Mapasa ndiwo anali patsogolo, madzi amatope akutsikira m'khosi. Kapitawo akangosuzumira m'beseni, aona dothi.

Kapitawo anaima, n'kuwayang'ana.

"Anyamata, apatukireni amayi a geni adutse," anatero. "Masamba abwino awa, mayi. Mwaoda kuti?"

"Kutali, bambo."

Dimba lonse linamudutsa pamphuno, beseni ndi beseni, iye akuyankha moni. Atafika kuseri kwa mpanda anakweza chikwanje, koma pansi panali timabwalo tonyowa tokhatokha, ndi mapazi ambirimbiri olowera kumene iye anachokera.

Inu amene akumetani mpala kawiri, musataye khasu, musatayenso beseni lobooka. Ndipo mukakolola, kumbukirani aneba. Miyendo ya dimba ndi imeneyo.