Kapepala ka pa Firiji

Ndinawononga ndekha chinthu chimodzi chokha chimene mwana wanga anatisiyira. Palibe anandilodza, palibe anandikoka dzanja. Ndinakwera minibasi ndi miyendo yangayi, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mphunzitsi amene wakhala akulangiza ana a eni kwa zaka zambirimbiri. Inu owerenga, khalani pansi mumve, chifukwa mpaka lero ndikaiganiza nkhaniyi mtima umandiwira, ndipo amene ndimamukwiyira kwambiri ndi ine ndemwe.

Timakhala ku Chelstone, mu Lusaka. Ine kwathu ndi kum'mawa, amuna anga ndi a ku Luapula. Mwana wathu woyamba atabadwa tinamutcha Mwila, ndipo kuyambira tsiku limenelo ine ndinakhala bana Mwila, iwo bashi Mwila, ndiye kuti amake ndi atate ake a Mwila, monga amaitanirana kwawoko. Dzina langa la pautsikana linathera pomwepo ndipo sindinadandaule ngakhale pang'ono. Kumsika, kutchalitchi, ngakhale kusukulu kumene ndimaphunzitsa ku Kaunda Square, aliyense ankandiitana ndi dzina la mwana wanga.

Mwila anamwalira ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Lachisanu lina ananyamuka kupita ku Kitwe ku ukwati wa mnzake, ife tili kuntchito. Pofika kunyumba ndinapeza kapepala pa firiji, kong'amba m'kope, kolemba ndi bolopeni yabuluu m'chinyanja chawo cha ana a mu Lusaka: "Mami, nayenda ku Intercity. Nkuku yanga osapasa ba dadi. Nizabwela pa Sondo. Mwila." Ndinaseka, n'kukaponya m'chikwama. Basi imene anakwera pobwerera Lamlungu lija sinafike.

Foni yake inatayika pangozipo. Titaika maliro, achibale anagawana katundu wake monga mwa mwambo, ine ndili gone pamatiresi, osadziwa ngati kunja kwacha kapena kwada. Zovala zinapita, nsapato zinapita. Makope ake a kukoleji alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, anawasonkhanitsa n'kuwotcha kuseri kwa nyumba, ati azingondikumbutsa. Anafunsa ndani? Patapita mwezi, ndikufunafuna makiyi m'chikwama, ndinakhudza kapepala kaja. Kanali kokhako padziko lonse kamene kanali ndi dzanja la Mwila.

Bashi Mwila anakalandira ndi manja awiri n'kukaika m'Baibulo lawo. Ife timapemphera Loweruka, ndiye Lachisanu lililonse dzuwa likamalowa, poyamba Sabata, ankatsegula pamalopo n'kuwerenga. Akafika pa nkhuku paja ankaseka pang'ono, kenako n'kuvula magalasi kupukuta m'maso. Anandipemphapo kawiri kuti apite nako m'tauni akachite fotokope. Ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati kapepala aka kasatuluke pakhomo pano, angakataye anthu osasamala. Ndinanena ndine zimenezo, ndi pakamwa pangapa.

Chimene chinandipengetsa ndi dzina. Tili ndi mwana wina wamkazi, Bupe, ndipo patapita miyezi ingapo alamu anga aja anayamba kundiitana kuti bana Bupe. Ati kuti ndiiwaleko. Amayi a kutchalitchi anatengera, a kumsika nawonso, mpaka wogulitsa makala. Aliyense ankalitchula mofatsa, mutu atapendeketsa, ngati akundipaka mankhwala pachilonda. Ndani anawauza kuti ndikufuna kuiwala? Mwana ndinam'bereka ine, ndinam'lera ine, lero mukum'fufuta pakamwa panu ngati choko pabolodi? Ndikadandaula kunyumba, amuna anga ankangoti ndiwasiye, akuganiza kuti akuthandiza. Yankho limenelo linkangowonjezera moto.

Kusukulu kwathu kuli mphunzitsi wachitsikana amene ali ndi dzina la malemu mayi ake padzanja, lolemba ndi singano, zimene amati tatuu. Ine zinthu zimenezi ndinkadana nazo kwabasi. Mwana akadzilemba ndi bolopeni pamkono ndinkamutumiza kumpopi kuti akasambe. Kutchalitchi kwathu ngakhale ndolo sitivala. Koma ndinayamba kuliyang'ana dzanja la mtsikana uja pa nthawi ya tiyi, ndipo maganizo anandilowa: nditalemba mawu a Mwila pamkono panga, m'dzanja lake lomwe, ndani angawawotche kuseri kwa nyumba?

Ndinalimbana nawo maganizowo miyezi itatu. Tsiku lina ndinkati ndakalamba, ndichita manyazi pamaso pa makolo a ana. Tsiku lina ndinkati thupi ndi langa. Sindinauze munthu, ngakhale amuna anga, chifukwa ndinkadziwa kuti andiuza kuti tiyambe tapemphera, ndipo ine ndinali nditatopa ndi kudikira. Chinandimaliza ndi tsiku limene alamu anga anandikuwira pamsika wa Chelstone, kuchokera kutsidya la msewu, bana Bupe, bana Bupe, katatu konse. Ndinasiya tomato pathebulo n'kubwerera kunyumba.

Lolemba lotsatira sukulu zinali patchuthi. Amuna anga atangotuluka kupita kuntchito, ndinatsegula Baibulo lawo n'kutenga kapepala kaja. Kumeneko ndi kuba, ndipo sindikufuna kukutchula dzina lina.

Ndinapita ku Woodlands, kumene mnzanga wa kusukulu uja analembetsa. Malo ake anali aukhondo ngati kuchipatala, ndipo wolembayo anali mtsikana wa msinkhu wa Mwila. Anawerenga kapepalako. Kenako anandiyang'ana kukhutu, pamene duku linasuntha. Ndili mtsikana, ndisanalowe mpingo uno, ndinaboola makutu, ndipo kumanzere kunatuluka chotupa cholimba ngati nzama chimene ndakhala ndikubisa moyo wanga wonse. Anandifunsa ngati zipsera zina zimatupanso choncho. Ndinavomera kuti cha opaleshoni imene anandichita pobereka Bupe chinatukuka ngati chingwe.

Anandiuza mwaulemu kuti: "Ba mami, khungu lanu limavimba likachekewa. Nikakulembani, malemba azavimba, azagwilana, simuzawelenga. Siningakuchiteni ivo." Anati andijambulire kapepalako pamakina, akakulitse, ndikaike m'felemu. Anati angathenso kundilozera munthu wozokota mawu pakachitsulo kovala m'khosi.

Inu owerenga, mwana uja ankandiuza zoona zokhazokha, koma ine sindinamve ngakhale chimodzi. Ndinangoona munthu winanso amene akundiuza zoyenera kuchita ndi chisoni changa. Ndinamulalatira. Ndinati iwe mwana wa dzulodzuloli, ukudziwa chiyani za kuika mwana m'manda? Ndinati ukundikana chifukwa ndine nkhalamba yovala duku, akanabwera wachuma wa ku Kabulonga wovala buluku ukanamugwadira. Iye anali atanyamuka kale, kapepala kali m'manja, akupita kumakina kuja. Ndinamutsomphola kapepalako. Panangotsala masitepe awiri kuti afike, ndipo ndikanadikira mphindi imodzi yokha, bwenzi lero ndilibe nkhani yoti ndikuuzeni.

Ndinakwera minibasi ya m'tauni mutu uli wotentha. Pafupi ndi siteshoni ya mabasi ya Intercity ndinafunsafunsa, ndipo wogulitsa zikwama wina anandilozera kachipinda kuseri kwa malo ometera. Mwini wake anali bambo wa ndevu, mikono yonse yolembalemba. Sanandifunse dzina, sanandifunse matenda, khutu langa sanaliyang'ane n'komwe. Ndinamuonetsa mawu amene ndinkafuna: "Nizabwela pa Sondo. Mwila." Anangoti zing'onozing'ono izi, n'kutenga kapepala kulowa nako kuseri kwa katani. Ndinakhala pabenchi ndikudziuza kuti uyu ndiye munthu wodziwa kulemekeza akuluakulu.

Kenako ndinamva sizasi.

Pamene ndimakankha katani n'kuti zitatha kale. Anali atayala kapepala ka mwana wanga pa pepala la kaboni n'kudutsitsa bolopeni yake yofiira pamwamba pa zilembo za Mwila, mokanikiza, mpaka pena kubooka. Anali atadula mzere umene ndinaufuna. Mbali yotsalayo, ya Intercity ndi nkhuku ndi ba dadi, anaifinya n'kupukutira inki imene inatayikira pathebulo. Inali mpira wakuda wonyowa. Ndinakuwa mpaka ometa anasiya makina awo kubwera kudzasuzumira. Iye anangotambasula manja n'kunena kuti: "Nanga simunakambe, ba mami? Ni pepala chabe."

Pepala chabe! Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamugwetsera thebulo lomwelo pamutu. Koma tamverani uchitsiru wanga wachiwiri. Ndinaganiza kuti poti kapepala kafa kale, mawuwo ndiwapulumutse pakhungu. Ndinakhala pampando n'kupereka mkono kwa munthu yemweyo. Ananyowetsa khungu, n'kumata kachidutswa kaja, ndipo pokamatula kanatuluka zidutswazidutswa, n'kuziponya m'ndowa ya zinyalala ine ndikuona. Singano sindinaimve kuwawa ngakhale pang'ono.

Masiku anayi ndinavala malaya a manja aatali, kunja kukutentha. Lachisanu dzuwa likulowa, bashi Mwila anakhala pampando wawo n'kutsegula Baibulo. Anatembenuza tsamba, n'kubwerera. Analigwira chadodolido n'kulikutumula. Anagwada pansi, munthu wodwala mawondo, kuyang'ana kunsi kwa mpando. Ine ndinali chiimire pakhomo la kukhitchini, ndipo ndinawalola kukwawa choncho mpaka anayamba kuitana Bupe kuti amufunse. Pamenepo ndinapinda malaya n'kuwaonetsa mkono.

Anauyang'ana nthawi yaitali. Funso lawo linali limodzi: nanga paja analemba ba dadi pali kuti? Ndinawauza zonse, osabisa. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinkafuna kuti akalipe, aswe mbale, andithamangitse, kuti nanenso ndipeze poyankhira. Iwo anangotseka Baibulo n'kunena kuti: "Bana Mwila, anali mwana wanga naine."

Mawu amenewo anandilasa kawiri. Ndinazindikira kuti m'miyezi yonse ija ndinkalira ngati ndinam'bereka ndekha mwanayo. Ndinazindikiranso kuti munthu mmodzi yekha amene sanasiyepo kundiitana bana Mwila, ngakhale tsiku limodzi, ndi amene ndinamubera.

Za mkono zinayenda monga momwe mtsikana wa ku Woodlands ananenera, osaphonya. Mwezi woyamba zilembo zinkaoneka. Kenako panayamba kuyabwa, kutupa, kulimba. Zilembo zinakwerana, n'kumatana, mpaka lero pali mzere wakuda wotukuka ngati mbozi yagona pamkono. Dokotala wa khungu akundibaya jakisoni kuti paphwe, koma anandiuza mosapita m'mbali kuti mawuwo sadzabwereranso. Ndinapitanso kukachipinda kaja kuti bambo uja aone ntchito ya manja ake. Anandiyang'ana kumaso, n'kuyang'ana mkono, n'kunena kuti sakundikumbukira, amalemba anthu ambiri. Ndinabwerako mawu atandithera pakhosi chifukwa cha kukuwa, ndipo sizinabweze kalikonse.

Ndimakwiyirabe alamu anga chifukwa cha makope aja. Ndimakwiyira onse amene amaganiza kuti kutonthoza mayi ndi kumulanda dzina la mwana wake. Musamatero, anthu inu. Litchuleni dzinalo, sililuma. Koma amene anapereka kapepala kwa wa sizasi uja si alamu anga.

Sindikukuuzani kuti tatuu ndi tchimo kapena si tchimo, zimenezo mukambirane ndi mtima wanu. Ndikukuuzani izi. Ngati mwafika msinkhu wangawu ndipo mukufuna kulemba chinthu pathupi panu, musapite tsiku limene mwakwiya. Wodziwa ntchito yake akakukanizani, khalani pansi mumve chifukwa chake, ngakhale akhale wamng'ono ngati mwana wanu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Muopeni amene akuvomera msangamsanga osakufunsani kanthu. Ndipo chimene wakufa anasiya si chanu nokha. Musanachitulutse pakhomo, funsani amene mukulira naye.

Bashi Mwila sanandithamangitse, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso. Lachisanu lililonse amatsegulabe Baibulo pamalo omwe aja, pamene palibe kanthu. Sabata yathayi anandiitana kuti ndikhale pafupi, n'kupempha mkono wanga. Anavala magalasi, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono pamwamba pa chotupacho, ngati mwana wa giredi wani amene akuphunzira kuwerenga. Anaima pakati n'kundifunsa kuti: "Apa ndiye pa Sondo?"

Ndinayankha kuti inde. Koma kunena zoona, inu owerenga, ngakhale ine sindikudziwanso.