Zinyalala Zabuluu za Pamathithi

A Kosta Naumovski sankaudziwa mpando. Chipumireni ntchito ku fakitale ya zitsulo, ankangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira: apa amange mpopi wosadontha, apo apente chitseko chopentapenta. Akazi awo, mayi Vesna, zitawakwana anakawalembetsa ku gulu la anthu ongodzipereka lokonza tinjira ta m'nkhalango ya paphiri, kumtunda kwa mzinda wa Wollongong.

"Pitani mukavute mitengo," anatero mayiwo. "Ine ndipumeko."

Gululo linawapatsa chigawo chawochawo, kanjira kochokera pamlatho wamatabwa kukafika pamathithi. Anakakonda kuposa dimba la kuseri kwa nyumba. Ankafukula ngalande, kukhoma masitepe ogwedera, kutsika m'maphompho kutsata botolo limodzi. Koma kumudzi kwawo, kudziko la Makedoniya kumene anachokera, njira yabwino inali yosesedwa, ndiye ankabwera ndi tsache. Masamba, makungwa, tizitsotso, zonse ankakokolola mpaka dothi kuti mbee.

Mayi Noeline Tuckwell, mtsogoleri wa gululo, anawapeza akusesa.

"A Kosta, kuno si pabwalo pa apongozi anu. M'masambamo mumagona abuluzi. Ndikadzangopeza mwasunthanso cha m'tchire, ndidzakuchotsani kuno muzikatola zotsalira za ndudu poimika magalimoto."

"Ine? Kumeneko n'kwa anzathu a Merv ndi bondo lawo lachitsulo!"

"Ndiye muzikachezetsana."

Tsache analisiya kunyumba, koma manja ankawayabwabe. Loweruka lina, kuseri kwa chitsamba pafupi ndi mathithi, anapeza zitsekerero za mabotolo, mapegi a zovala ndi timapaipi tomwera zakumwa. Zonse zinali zabuluu, zoyalidwa mozungulira timitengo tozikidwa m'mizere iwiri.

"Ana asukulu awa!" anang'ung'udza. Anazitola zonse, timitengoto n'kutigwetsa ndi nsapato.

Sabata yotsatira zinalipo zina. Anatolanso, kugwetsanso. Tulo tinayamba kuwavuta, chakudya ankadya chiimirire. Tsiku lina analawirira mbandakucha, nakabisala paphata pa mtengo kuti amugwire mwini wake.

Kunatera mbalame yakuda, yonyezimira ngati yodzola mafuta, pegi yabuluu ili kukamwa. Inaika pegiyo pansi, kubwerera m'mbuyo, kupendeketsa mutu, kuisunthanso pang'ono. Kenaka inayamba kuzikanso timitengo tija, kamodzikamodzi. Panthambi panatera inzake yaikazi. Inayang'ana bwalo losaukalo, osatsika n'komwe, n'kuuluka.

A Kosta anazindikira pomwepo. Chimene ankagwetsa chija chinali cha m'tchire, ndipo mayi Noeline akangomva, kanjira kapita.

Zomwe anatola zinali zitapita kale ndi galimoto ya zinyalala. Choncho anakathothola mapegi abuluu pachingwe cha akazi awo, n'kuvula zitsekerero za mabotolo a mkaka. Loweruka anafika ena onse asanabwere, nagwada kuseri kwa chitsamba kuja, kuyala chimodzichimodzi monga ankakumbukira.

"Taonani kuno, mayi!" Anali a Merv, akutsimphina ndi ndodo, mayi Noeline ali pambuyo. "Mkulu wa ukhondo akudzala zinyalala! Zimera liti, achimwene? Mudzatigawireko mbewu."

Kwa a Kosta kunama kunali kosavuta. Akanangoti akutola, thumba linali m'manja. Koma akanati atero, akanayenera kuzitoladi zonse pamaso pawo, pamodzi ndi pegi ija mbalame inabwera nayo yokha. Mbalameyo inali panthambi pomwepo, ikuwayang'ana ndi diso limodzi.

Anafotokoza zonse, maso ali pansi.

Mayi Noeline analoza timitengo tija. "Limenelo ndi khumbi lake lokopera mkazi. Imalimanga nyengo yonse. Mwaligwetsa kangati?"

"Kangapo."

"Kangapo! Munthu wokhala kuno zaka zonsezi, osaidziwa mbalame imeneyi?"

"Mufakitale simuuluka mbalame, mayi."

"Mapegi anuwo tolani, mukabweze kwa eni ake. Imadzisankhira yokha, ife pulasitiki sitiwonjezera m'tchire."

Tsiku lomwelo mayi Noeline anamanga chingwe pamlatho. Kanjira kanatsekedwa mpaka mbalameyo itapeza mkazi, ndipo a Kosta anatsitsidwa kumunsi.

Masiku ano mukafika poimika magalimoto muwapeza ndi chopanira zinyalala, a Merv akuwasimbira za bondo. Sachedwapo. Atola pang'ono, akwera mpaka pachingwe, aima, atchera khutu cha kumathithi, atsika. Posakhalitsa akweranso. Mayi Noeline okha ndi amene amaloledwa kudutsa, ndipo akamatuluka amawapeza a Kosta atatsamira pamlatho.

"Yabwera yaikazi ija?"

"Inabwera, yayang'ana, yapita."

"Mwina timitengo tapendekeka. Nditangolowa pang'ono..."

"A Kosta, tsikani."